Tsiku Limene a Mbewe Adaonetsedwa Lilongwe

Kuseri kwa msika wa Santhe, ukatsika ndi njira ya ngolo yopita kudambo, aliyense ankawadziwa a Moffat Mbewe ndi zinthu ziwiri: nazale ya fodya ndi mawu akuti "kwathu". Nazale yawo inkabiriwira anzawo asanagule n'komwe mbewu. Mawu akuti "kwathu" ndiye sankachoka pakamwa. Mvula ikachedwa, kwathu ku Nkhoma idagwa kale. Mbatata zikalephera, kwathu imodzi yokha imakhutitsa banja. Madzi a pachitsime akamveka mchere, kwathu amachita kutsika m'phiri ali zii. Anthu ankangoseka, ena mpaka kuwatcha a Kwathu, iwo n'kumavomera.

Musafulumire kuwaweruza. A Mbewe adali mkamwini, mwamuna wokhala kwawo kwa mkazi, ndipo mkamwini alibe chake. Munda ndi wa mkazi. Ana ndi a mkazi ndi alongo ake. Ngakhale mango amene wabzala ndi manja ako ali ndi eni ake. Munthu wotere amatsala ndi chiyani choti aimire pakati pa amuna anzake? Amatsala ndi pakamwa basi, n'kumakumbutsa anthu kuti nayenso adachokera kwinakwake.

Adafika ku Kasungu ali mnyamata, atathithikana ndi anzawo kumbuyo kwa lole yotola anthu okalima fodya kuesiteti. Loleyo idadutsa mu Lilongwe mvula ikukhuthuka, iwo ali pansi pa lona, ndiye za mzindawo adangomva mahutala. Patapita zaka adakumana ndi Olive pamsika, akugulitsa tomato, ndipo adasiya esiteti n'kukamanga nyumba kwa apongozi. Ku Nkhoma adabwererako kamodzi, kukaika mayi awo. Pambuyo pake mlongo wawo wina adamwalira, wina adatsatira mwamuna ku Mozambique, nyumba idagwa, munda adalowamo ena. Kwathu kuja kudatha kalekale, ndipo a Mbewe ankadziwa. Koma sadauze munthu, ngakhale mkazi wawo amene.

Olive sankapempha zambiri. Chimodzi chokha ankachibwereza, kuti asanafe adzaone Lilongwe, adzaime pa Nyumba ya Malamulo n'kujambulitsa. Mwamuna ankayankha kuti fodya akatuluka bwino chaka chino apita. Koma fodya sapereka tchuthi. Ukachoka kunazale ukuwokera, ukawokera ukupalira, kenako kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo, ndipo mabelo akangokwera galimoto, nazale yayambanso kukuitana. Chaka chino chidakhala chaka chamawa mpaka Olive adadwala pakati pa dzinja lina, n'kumwalira fodya ali m'chigafa.

Mwambo wake ndi wodziwika. Maliro akatha, ntchito za m'munda zikapepuka, abale a mkazi amasudzula mkamwini: amamuthokoza, amamumasula, n'kumuperekeza kwawo ndi katundu wake. Akafuna, eni mudzi amatha kumuuza kuti akhale, akalambire pomwepo pafupi ndi ana. Koma mawu amenewo amachokera kwa eni. Sapemphedwa. Mwamuna wopempha kuti asachoke pamudzi wa eni amasanduka nyimbo ya pamtondo.

A Mbewe ankaopa kusudzulidwa kuposa imfa. Pamudzipo padali Gladness, mwana wawo yekhayo amene adakula, ndipo tsopano adali ndi pakati poyamba. Padali manda a Olive kuseri kwa mitengo, kumene sankaloledwa kulowa mwachisawawa koma ankaona nsonga za mitengoyo ali pakhonde. Ndiye adapeza nzeru yawoyawo. Palibe amene amathamangitsa munthu nazale yake ili yobiriwira, kapena fodya wake ali m'munda. Choncho adaonetsetsa kuti pasapezeke tsiku limene manja awo ali chabe. Mabelo asanapite kuokushoni, iwo adali atakonza kale mabedi a nazale kudambo. Ukwati kapena maliro a kutali sankapitako, kuopa kuti akabwerera apeza anthu atakhala pansi n'kugwirizana. Adadzimangirira pamunda okha, ndipo chingwecho chidagwira nyengo ziwiri.

Tsiku lina madzulo, dzuwa la Okutobala litayamba kufewa, kudabwera a Ernest, mlongo wake wa malemu Olive, amene ankayang'anira mbumba yonse. Adali munthu wa nthabwala, wokonda kudzidzimutsa anthu ndi zabwino, koma nkhani yolemera ankaizungulira mpaka dzuwa kulowa.

"Alamu, mawa musavale zakumunda," adatero a Ernest. "Tapeza galimoto. Tikupita ku Lilongwe, mukaone kumene thukuta lanu limathera."

"Nanga nazale, alamu?"

"A Duncan alipo. Mkamwini mnzanuyo aphunzire."

Duncan adali mwamuna wa Gladness, mnyamata waulemu, amene adalibe munda wokwanira. A Mbewe adakayikira, koma ungakane bwanji ulemu? Adathokoza.

M'mawa adatsirira mabedi awo monga mwa masiku onse, n'kukoleka keni yothiririra pamtengo wa pakhomo. Keniyo idali yachitsulo, yakale, ndipo kumlomo kwake adamangirirako chisefa ndi waya. Adalowa kubafa, adavala jekete la kutchalitchi. Potuluka adapeza galimoto yaima, a Ernest atakhala kutsogolo ndi dalaivala, Gladness atawasungira malo kumbuyo. Adaona kuti amayi a pamudzi atuluka ambiri kudzatsazika anthu ongopita kukaona mzinda, ndipo ena adagwada powapatsa moni. Sadafune kuganiza zambiri.

Galimoto itangogunda dzenje loyamba, kumbuyo kudamveka kachitsulo kakuti ngwe, ngwe. A Mbewe adaumirira kuyang'ana kutsogolo. Phokoso limenelo akadalizindikira ngakhale pakati pa msika: chidali chisefa cha keni yawo chikugunda pamlomo. Munthu wopita kukaona Nyumba ya Malamulo satenga keni.

Atatulukira pa Chinkhoma n'kulowa msewu waukulu, a Ernest adayamba ntchito yolozaloza. Uko ndi kwakuti, uko kudachitika zakuti. Atawoloka Bua adaimitsa galimoto kuti agule nthochi, ndipo dalaivala adatsegula kumbuyo kuti aikemo. A Mbewe adasuzumira. Mudali khasu lawo, nkhwangwa, mpando wawo wopinda, thumba la chimanga, keni, ndi mtolo wa zovala wokulungidwa m'chitenje cha Olive. Mfundo ya mtolowo idali ya Gladness, yopotoza kawiri, monga adamuphunzitsira mayi ake. Mwana wawo yemwe ndiye adalongedza.

Adabwerera pampando wawo n'kulandira nthochi ndi manja awiri. Eni ake adali asanalankhule, ndiye iwo sakadayamba. Madisi adadutsa, Mponela adadutsa, iwo akungoyankha kuti "eya" ndi "zoona". Zenera la mbali yawo silinkatseguka, jekete lidayamba kuwotcha, ndipo keni inkalira pa dzenje lililonse.

Ku Kanengo a Ernest adachita kutembenuka thupi lonse. "Alamu, taonani nkhokwe izo! Zathu zija n'zoseweretsa ana. Ndipo kuseri uko n'kumene mabelo anu amagona."

Nkhokwezo zidalidi zazitali mochititsa mantha, zoyera, zitandandalika m'mizere. A Mbewe adaziyang'ana n'kunena kuti n'zodabwitsa. Adadutsa pamsewu wokwera pamwamba pa unzake, galimoto zina zikuyenda pansi pawo, Gladness akukuwa ndi chimwemwe n'kuwagwira dzanja. Pa Nyumba ya Malamulo adatsika. Gladness adawaimika pafupi ndi mpanda, adawakonza kolala, n'kuwajambula ndi foni.

"Ababa, sekani pang'ono. Amayi akadakhalapo bwenzi akuvina."

Adaseka monga adauzidwira. Apa ndi pamene Olive ankafuna kuima, ndipo ulendo wonsewo sudathe ngakhale theka la tsiku. Manyazi adawagwira, chisoni chidawagwira, koma mantha a keni ija ndiwo adaposa zonse.

Pafupi pomwepo padali chiliza cha mtsogoleri woyamba wa dziko, nyumba ya mizati ndi miyala yosalala, yozunguliridwa ndi kapinga. A Ernest adayenda monyada, popeza malemuyo adali wa ku Kasungu komweko. A Mbewe adaima pachipata n'kuvula chipewa. Kumudzi munthu salowa kumanda popanda chilolezo cha eni, ndiye adadikira mpaka mlonda adawakodola kawiri. M'katimo adaona bambo wina akuthirira kapinga ndi paipi, dzuwa lili paliwombo. Adapukusa mutu, chifukwa mbewu sithiriridwa masana. Komabe adamusirira munthuyo. Ameneyu amadzuka tsiku lililonse n'kubwera pafupi ndi manda, ndipo palibe amene amamuwerengera nyengo.

Pamenepo maganizo ena adawafikira, ndipo adaona ngati Mulungu wawatsegulira kakhomo. Adakhosomola, n'kulankhula ngati akungocheza.

"Alamu, kani munthu wamkulu chonchi sadakamuike kwawo ku Kasungu? Adagona konkuno kumene adagwira ntchito?"

"Eetu."

"Ndiye kuti zimatheka. Munthu kutsalira kumene adathera mphamvu zake."

Kumeneko kudali kupempha konse kumene mwambo ukadawalola. Adadikira. A Ernest adaseka n'kuwamenya paphewa.

"Amenewa ndi akuluakulu, alamu, ndi a dziko lonse. Ife anthu wamba ayi. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Si inu nomwe mumatiphunzitsa zimenezi?"

Masana adadya pamalo ena ogulitsa tchipisi ndi nkhuku. Zaka zonse za chikamwini a Mbewe adazolowera khosi ndi mapazi, osadandaula, paja kwa eni kulibe mkuwe. Lero a Ernest adasankha ntchafu yonenepa n'kuwaikira m'mbale ndi dzanja lawo. A Mbewe adailandira n'kuthokoza.

Malo omaliza mumzinda adali nsanja yokumbukira asilikali amene adafera kunkhondo zakale. Adakwera masitepe ozungulira, Gladness akupumira panjira chifukwa cha mimba. Pamwamba mphepo idawomba, mzinda wonse uli pansi, madenga ndi mitengo ya maluwa ofiirira mpaka kutali. A Mbewe adatembenukira kumpoto, kufunafuna phiri la Kasungu, koma kudali utsi wa lupsa wokhawokha.

"Mukuyang'ana kolakwika, alamu," adatero a Ernest, n'kuwatembenuza ndi mapewa. "Nkhoma ili uku." Nakonso kudali utsi womwewo, koma a Ernest adaloza ngati akuona khomo la nyumba. Kenako adatokosa Gladness. "Auze ndiwe. Ine ndilira."

Gladness adagwada pasimenti pomwepo, misozi ili m'maso, nkhope ikumwetulira.

"Ababa, lero mukagona kwanu. Atsibweni adafufuza mpaka adapeza a Sunganani, mwana wa malemu mlongo wanu. Akutidikira. Mwatigwirira ntchito mokwanira, ababa. Takusungani nthawi yaitali chifukwa cha fodya, ndipo tachita manyazi."

"Mwana wanga, ine kumeneko..."

"Ndikudziwa, mukudera nkhawa ine. Musatero. Amayi ali m'chipatala adandigwira dzanja n'kunena kuti, 'Bambo ako akhala akulira kwawo moyo wawo wonse chifukwa cha ine. Ndikapita usadzawatsekereze. Udzawaonetse Lilongwe, n'kukawasiya pakhomo pawo.' Lero ndakwaniritsa."

A Mbewe adagwira chitsulo cha m'mphepete. Akadakhala kuti akuthamangitsidwa ndi nkhanza, mwina akadalimba mtima n'kukangana. Koma iyi idali mphatso, yochokera kwa mkazi amene adawakhulupirira mawu aliwonse. Kuti akane, adayenera kuima pamaso pa mlamu ndi mwana n'kunena kuti mbatata zija, madzi aja, mvula ija, zonse zidali za pakamwa, ndipo Olive adafa akudziimba mlandu pa chinthu chimene kulibe. Adadzutsa mwana wawo kuti asagwade nthawi yaitali ndi mimba.

"Mwachita bwino," adatero. "Zikomo, alamu."

A Ernest adapukuta maso ndi chikhatho, okhutira kuti ntchito yaikulu yayenda bwino.

Msewu wa ku Nkhoma udapatuka pa msewu waukulu n'kuyamba kukwera. Phiri lidalipo, lokhalo ndilo silidasinthe. Adaima pang'ono pa tchalitchi chakale cha njerwa zofiira kuti Gladness ajambule, ndipo a Ernest adapempha a Mbewe kuti tsopano alozere njira ndiwo. A Mbewe adaloza njira imene idakathera pa chigayo. Adalozanso ina, idakathera pasukulu imene sankaidziwa. Mapeto ake dalaivala adaimbira foni a Sunganani, amene adabwera pa njinga kudzawatsogolera.

Sunganani adali bambo wa ana ake, waulemu, koma adayang'ana amuna awiriwo mosinthanasinthana, osadziwa kuti atsibweni ake ndi ati. Nayenso adali mkamwini pamudzipo. Adayala mphasa, adaitana akuluakulu awiri a pafupi kuti akhale mboni. A Ernest adalankhula bwino kwambiri. Adati munthu uyu adabwera ndi manja awiri, sadatukwanepo munthu, adaika apongozi ake, adaika mkazi wake, ndipo lero mbumba ya ku Santhe ikumubweza ndi manja awiri, womasuka. Anthu adaomba m'manja mwaulemu. Mkazi wa Sunganani adasesa kachipinda kosungiramo feteleza, n'kunena kuti akhala akugona m'menemo kaye mpaka aone chochita.

Adatsitsa katundu. Khasu, nkhwangwa, mpando, chimanga, mtolo. Keni itatsika, a Mbewe adainyamula n'kuibwezera m'galimoto.

"Ababa, imeneyo ndi yanu," adatero Gladness.

"Ibwerere. Nazale sikudziwa kuti ndasudzulidwa." Adamugwira dzanja n'kumukokera pambali. "Uwauze a Duncan athirire m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi madzulo likapendeka. Masana ayi. Asachotse chisefa, madzi amphamvu amakumba mbewu. Udzu wa pamabedi azichotsa pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. Bedi la kumapeto limachedwa kumera, asalitaye mtima."

"Ndamva, ababa."

"Ndipo mwanayo akabadwa..."

"Tidzakuimbirani. Mudzabwera kudzamuona, mudzakhala mlendo wathu wolemekezeka. Tidzakupherani nkhuku."

A Ernest adati ayenera kunyamuka kuti akafike kusanade. Adakumbatirana, adatsazikana, galimoto idatembenuka. A Mbewe adaima pamsewu atavala jekete lawo, akumvetsera keni ikulira m'maenje, ngwe, ngwe, mpaka phokoso lidazimirira kuseri kwa chigayo.

Atabwerera pabwalo, mkazi wa Sunganani adawabweretsera madzi m'kapu, atagwada patali monga amachitira ndi mlendo. Adafuna kuwachezetsa kuti asakhale duu.

"Pepani atsibweni, madzi athu ndi a pamjigo, ofunda. Kaya kumene mwachokerako amakhala otani?"

A Mbewe adamwa pang'ono n'kuyang'ana m'kapumo. Dzuwa lidali litapendeka, nthawi yeniyeni yotsikira kudambo.

"Kwathu ku Santhe," adayamba, "madzi ake amakoma."